Tiubwezere mtsinje bango lake

Ndangochokera kumudzi ku Salima, ndipo zomwe ndaona sizikundigonetsa tulo. Dimba la malemu agogo m'mbali mwa Linthipe latsala theka. Paja tinkathyola mpiru pano pali chiphompho choti mbuzi ikagweramo muyiiwale.

Aliyense akuloza chala mvula. Koma ine ndikuti tinayamba ndife. Tili ana, gombe lonse lija linali bango ndi nsenjere, mikuyu ndi katope zili ndandanda. Tinatentha bango kuti tibzale tomato mpaka pamadzi penipeni, mitengo tinaotchera njerwa, a mchenga nawo akukumba m'munsi mwa gombe. Ndiye dothi ligwire chiyani?

Ena akuti tidikire boma lidzamange khoma la simenti. Tidzadikira mpaka liti? Komanso khoma limangothamangitsa madzi, n'kukagumula kwa mnzako wa kumunsi. Mizu ndiyo imagwira nthaka. Gombe likakhala njoo, choyamba mulisalaze likhale lotsetsereka, apo ayi madzi amalidya pansi n'kuligwetsa ndi mbande zomwe. Pafupi ndi madzi mubwezere bango. Pamwamba pake mizere ya udzu wa vetiva yothithikana, chifukwa mizu yake imatha kulowa pansi mamita atatu. Kenako nsungwi, katope, mbawa. Bulugama ayi chonde, ameneyo ndi chidakwa cha madzi.

Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi mpasa. Nsombayi imachoka m'nyanja n'kukwera mitsinje ngati Linthipe ndi Bua kukaikira mazira pa timiyala ta pansi pa madzi oyera. Matope ochokera m'magombe ogumuka akakwirira timiyalato, mazira amafa. Ndiye tikadabwa pamsika kuti mpasa yasowa, tizikumbukira khasu lathu lomwe.

Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo. Chaka chilichonse timaona zithunzi pa Facebook, mabwana atanyamula kambande, amayi akuvina. Pofika Ogasiti mbuzi zadya, moto wa osaka mbewa wamaliza zotsala. Ine bola mudzi ubzale mbande 50 n'kuzitchingira kusiyana ndi 5,000 zongojambulitsa.

Ndikudziwa kuti kuuza munthu asiye mapazi angapo a dimba lake n'kovuta, pajatu chinyezi chili pompo. Amalume ndawauza, andiyankha kuti, "Iwe wa m'tauni, udya bango?" Tamvana kuti tiyambe ndi mizere iwiri ya vetiva mvula ikangogwa. Amene ali ndi mbewu yake cha ku Salima kuno andiuze.