Apilo yosawerenga umboni wa dokotala ndi chipongwe

Ndapsa mtima kwambiri ndi kalata imene msuweni wanga walandira sabata ino kuchokera ku ofesi yoona za ndalama zothandizira anthu aulumali. Iye amadwala khunyu kuyambira ali mwana, ndipo atapempha thandizolo anamukanira ati chifukwa tsiku lomuyeza analowa yekha mu ofesi, anayankha mafunso bwinobwino, ndipo sankaoneka wodwala. Anachita apilo monga malamulo amalolera, ndipo anaperekanso kalata ya dokotala wa matenda a ubongo amene wakhala akumuona, zolemba za kuchipatala zosonyeza nthawi zimene anagonekedwa atagwa n'kuvulala, komanso mndandanda wa mankhwala amene amamwa. Yankho labwera ndi mawu omwe aja a m'kalata yoyamba, osasintha ngakhale chiganizo chimodzi, ndipo umboni wa dokotalayo sunatchulidwe paliponse.

Funso langa ndi limodzi lokha: ngati simuwerenga umboni wachipatala, mumaufunsiranji? Munthu akamachita apilo amakhala akupempha kuti nkhani yake iunikidwenso ndi wina amene sanagamule nawo poyamba, ndipo wounikayo ali ndi udindo wotsegula mapepala onse, kuwawerenga, n'kufotokoza chifukwa chake akugwirizana nawo kapena akuwakana. Ngati akuona kuti dokotala walakwitsa, alembe poyera kuti walakwitsa pati. Kungodinda chidindo pa chigamulo chakale n'kuchibweza kwa mwiniwake ndi chipongwe, ndipo ndikubwereza, ndi chipongwe kwa wodwalayo komanso kwa dokotala amene anasiya odwala ena pamzere kuti alembe kalatayo.

Aliyense wodziwa khunyu amadziwa kuti munthu sagwa ola lililonse. Akhoza kukhala bwinobwino m'mawa, masana n'kugwa mwadzidzidzi, kenako n'kutha tsiku lonse ali wofooka ndiponso wosokonezeka mutu. Ngakhale makina a EEG, oyeza mmene ubongo ukugwirira ntchito, amatha kusonyeza kuti zonse zili bwino ngati munthu wayezedwa pa nthawi imene matendawo sanamugwire. Bungwe la World Health Organization limati anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse ali ndi khunyu, choncho awa si matenda achilendo oti ofesi ya aulumali ingawasowere nzeru. Munthu amene amagwa pafupipafupi sangagwire ntchito pamalo okwera, pafupi ndi moto kapena pa makina oopsa, sangayendetse galimoto, ndipo ena mwa mankhwala ake amabweretsa tulo ndi kuiwalaiwala. Zonsezi dokotala analemba momveka. Nanga kumuona munthu kwa mphindi zochepa ali pampando kungapose bwanji zimene dokotala waona kwa zaka? Maso a wofunsa mafunso saona zimene zimachitika usiku kunyumba, koma zolemba za kuchipatala zimanena, ndipo n'chifukwa chake ziyenera kuwerengedwa.

Ena akuti ogwira ntchito m'maofesiwa ndi ochepa pomwe mafayilo ndi ambiri. Zimenezo n'zawo, wodwala sanazichititse.

Kuyambira mu 2001, pamene mayiko anavomereza ndondomeko ya bungwe la World Health Organization yofotokozera thanzi ndi ulumali, yotchedwa ICF, zinadziwika kuti ulumali umayezedwa poona zimene munthu angathe kuchita pa moyo wake wa tsiku ndi tsiku komanso malo amene akukhala, osati maonekedwe ake. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali la mu 2006, pa ndime 28, limanena za ufulu wawo wolandira chithandizo chowateteza ku umphawi. Mayiko ambiri anasaina panganolo, koma kusaina kulibe phindu ngati munthu amene wakhala pa desiki satsegula envelopu. Inu amene mumagamula nkhanizi osawerenga, kumbukirani kuti chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Sitiroko kapena ngozi ya pamsewu sifunsa kuti munthu amagwira ntchito mu ofesi iti, ndipo tsiku limenelo mudzafuna kuti wina awerenge kalata ya dokotala wanu mpaka kumapeto.

Chinanso chondinyansa ndi nkhani ya nthawi. Wodandaula amapatsidwa masiku owerengeka oti achite apilo, akachedwa pang'ono amauzidwa kuti nthawi yatha, pomwe kupeza dokotala wamkulu woti alembe lipoti kumatenga masabata, ndipo nthawi zina lipotilo ndi lolipiritsa kwa munthu amene akupempha thandizo chifukwa choti alibe ndalama. Koma ofesi yomweyo imatha kusunga fayilo miyezi yambirimbiri popanda woifunsa, kenako n'kutumiza kalata ya zilembo zing'onozing'ono yomweyo ngakhale kwa munthu amene analemba pa fomu kuti saona.