Pistachio wa ku Badghis: maphunziro okha sangabwezeretse nkhalango

Ntchito yophunzitsa alimi a ku Afghanistan kulima pistachio ndimaiyamikira, koma ndikuona ngati ikuyambira kumchira. Ku Badghis ndi ku Samangan, zigawo ziwiri za dzikolo, mitengo ya mtedza umenewu imamera yokha m'mapiri, ndipo yambiri inatha m'zaka za nkhondo kuyambira 1979. Anthu ankaigwetsa pofuna nkhuni nthawi yozizira, mbuzi ndi nkhosa n'kumabudula timitengo tongomera kumene.

Zoti alangizi aphunzitse zilipodi. Pistachio ali ngati papaya, pali mtengo wamwamuna ndi wamkazi, ndipo mungu wake umayenda ndi mphepo. Ukangofesa njere n'kukhala, udzazindikira patapita zaka kuti pafupifupi theka la munda ndi mitengo yosabereka. N'chifukwa chake kumezanitsa n'kofunika. Kuyanika nakonso: mtedza ukakhalitsa ndi khungu lake lonyowa umagwidwa ndi chuku, ndipo mu 1997 mayiko a European Union anaimitsa kaye kugula pistachio wa ku Iran chifukwa cha poizoni wa chuku yemweyu.

Koma taonani izi. Mtengo womezanitsa umayamba kubereka pakatha zaka 5 mpaka 7, ndipo ukakula umachita kudumphitsa, chaka chino wadzaza, chaka chamawa wangolawitsa. Bambo wa ana asanu mwamupatsa mbande ndi satifiketi ya maphunziro, nanga banja lake lidya chiyani zaka zonsezo? Akapanikizika abwerera ku tirigu, mbande zija n'kuuma.

Vuto lalikulu lili m'nkhalango momwemo. Zambiri ndi za boma, ndipo akuluakulu amaika tsiku loyambira kukolola, koma anthu amakhamukira kumapiri mtedza usanakhwime, chigoba chisanang'ambike n'komwe. Amathyola wosakhwima, wina kuchita kukhadzula nthambi, n'kukagulitsa motchipa. Musaganize kuti ndi umbuli. Anthuwa anakulira pansi pa mitengoyi, akudziwa bwino kuti kudikira masabata angapo kungawapindulitse. Kungoti wodikira amakapeza anzake atakolola kale. Pamenepa ngakhale mlangizi atalankhula mpaka mawu kusasa, palibe chisinthe.

Ine ndikanayamba ndi kugawira midzi zigawo za nkhalango, zolembedwa bwino, kuti mudzi udziwe kuti phiri ili ndi lathu ndipo zokolola zake ndi zathu. Olondera azilipidwa kufikira mitengo itayamba kubweza ndalama. Maphunziro a kumezanitsa abwere pambuyo pake.

Ndipo amene akulota minda ikuluikulu yothirira akaone kaye ku Rafsanjan, m'chigawo cha Kerman ku Iran. Pistachio amapirira chilala ndi nthaka yamchere, inde, koma kuti abereke mokwanira msika amafuna madzi ambiri. Kumeneko anakumba zitsime zakuya mopanda malire, madzi apansi anatsika, ndipo minda ina inauma mitengo ili chiimire.