Loboti ya opaleshoni iyambe yadikira kaye

Dzulo pagulu lathu la WhatsApp la amayi a ku Chinamwali wina anaponya kanema wa loboti ikuchita opaleshoni, adokotala atakhala poteropo akungoiyendetsa ndi zala. Ndemanga zake mukuzidziwa kale: "Ife tidakali m'tulo," "Malawi sadzatheka." Ndinangokhala chete, koma nkhaniyi yandisowetsa tulo.

Chaka chatha mng'ono wanga anachira pa miyezi isanu ndi iwiri, ine ndili gadiyani. Kamwanako kanali kochepa ngati botolo la Sobo, ndipo kakamapuma pachifuwa pankalowa m'kati, kakubuula. Kunazale anamwino anakaika timachubu m'mphuno n'kulumikiza ku kabokosi komwe pambali pake panali botolo la madzi likungoti bwatabwata. Mumtima ndinati, zoona moyo wa mwana uikidwe pa botolo la madzi?

Kabokosiko dzina lake ndi Pumani. Mapapo a mwana wobadwa masiku osakwana amakhala anthete, akatulutsa mpweya amafwaphira, ndiye mwana amatopa ndi kuwafutukula mpaka kulefuka. Makinawa amakankha mpweya pang'onopang'ono kuti mapapowo akhale otseguka, ndipo mphamvu ya mpweyawo imatengera kuchuluka kwa madzi m'botolo muja. Anawapanga ndi a Rice University ya ku America pamodzi ndi madokotala ndi anamwino a pa Queen Elizabeth ku Blantyre. Oyambirirawo anali m'kabokosi kapulasitiki kosungiramo nsapato, mapampu ake ali aja opopera mpweya m'thanki ya nsomba zoweta m'nyumba. Musaseke. Pa kafukufuku yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2014, mwa ana 100 aliwonse oikidwa pa makinawa 71 ankapulumuka, pomwe mwa opatsidwa okosijeni yekha ankapulumuka 44.

Mwana atayamba kupuma yekha anatisamutsira ku kangaru, kuja khanda amalimangirira pachifuwa cha mayi ndi chitenje, khungu kukhudza khungu, usana ndi usiku. Ndi angati a ife a Zomba tikudziwa kuti m'Malawi muno njira imeneyi inayambira pa Zomba Central pompano, mu 1999? Inachokera ku Bogotá, ku Colombia, komwe mu 1978 madokotala anasowa mabokosi ofunditsira makanda n'kuganiza zoti thupi la mayi ndiye bokosi losazima magetsi. Tinkasinthana ndi mng'ono wangayo, iye akapita kukasamba ine ndamumangirira. Msana unkawawa, koma sikelo inkakwera.

Sindikudana ndi zatsopano ayi. Katemera wa malungo anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2019, tisanatsatidwe ndi Ghana ndi Kenya, ndipo ana a ku Machinga ndi Phalombe, oyandikana nafe, anali m'gulu loyamba. Katemera wa taifodi wa mtundu umene ana analandira mu 2023 anayesedwa pa kafukufuku wa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa. Ndiye zoti tili m'tulozo ine sindikuzimva.

Chomwe chimandipweteka ndi china. Pachipatala china chomwe sinditchula ndinaona makina okongola, ena akadali ndi mapepala ake, atafoleredwa pakhonde akudya fumbi. Nditafunsa, mayi wina wokolopa anangoti, "Anafa kalekale, kachitsulo kake sikapezeka kuno." Mphatso yotere ili ngati kupatsidwa galimoto kumudzi kopanda msewu. Ndiye taganizani lobotiyo itafika lero: magetsi akathima opaleshoni ili m'kati, jenereta ilibe dizilo, woikonza ali kutsidya kwa nyanja akudikira tikiti ya ndege.

Ine ndikanakhala wogwira chikwama cha boma, ndalama ya loboti imodzi ndikanalembera ntchito achinyamata amene akumaliza maphunziro opanga ndi kukonza makina a chipatala ku mayunivesite a MUBAS ndi MUST, aliyense n'kumupatsa bokosi la zida, masipeya ndi njinga yamoto yofikira ku Jali, Mayaka ndi Chingale. Ndikanaika sola pa nazale iliyonse. Ndipo aliyense wobwera ndi makina a mphatso ndikanamufunsa kaye kuti akafa adzakonza ndani, masipeya tidzagula kuti.

Kamwana kaja pano kakuyenda kogwira mipando, ndipo dzana kandiswera kapu. Agogo ake kwa Jali anakana dzina lomwe makolo anasankha, amangomuitana kuti Pumani.