Taibu sanathawe, anamusenzetsa katundu wa akuluakulu

Dzulo pa gulu lathu lija wina analemba kuti Tatenda Taibu, yemwe anali kaputeni wa timu ya kiriketi ya Zimbabwe, anali wamantha, ati munthu wanji wosiya kiriketi ali ndi zaka 29 zokha. Ndinafuna kungodutsa, koma zandikanika.

Tikumbutsane mmene mnyamatayu anapezera ukaputeni. Mu 2004 Heath Streak, amene anali kaputeni panthawiyo, anakangana ndi akuluakulu oyendetsa kiriketi ku Zimbabwe pa nkhani ya kasankhidwe ka osewera. Atamuchotsa, anzake ambiri odziwa ntchito ananyanyala naye limodzi, timu n'kutsala ya ana okhaokha. Akuluakulu aja anangotenga Taibu, mwana wa ku Highfield, asanakwanitse n'komwe zaka 21, n'kumukankhira kutsogolo. Nthungululu zinalira ndithu: kaputeni woyamba wachikuda wa Zimbabwe, komanso wamng'ono kuposa onse amene anatsogolerapo timu pa Test (masewero a pakati pa mayiko amene amatha kutenga masiku asanu), mbiri yomwe inakhala mpaka Rashid Khan wa ku Afghanistan anadzaiphwanya mu 2019. Koma ulemu wake unali wotani? Mu Epulo chaka chomwecho Sri Lanka inatulutsa osewera a Zimbabwe onse atangopeza ma run (mapointi a mu kiriketi) 35 okha pa Harare, ndipo woyankha mafunso a atolankhani anali iyeyo, osati amene anayatsa motowo.

Amene simutsata masewerowa, dziwani kuti Taibu anali wicketkeeper, wogwira mpira kumbuyo kwa womenya, ndipo wicketkeeper sapuma. Mpira uliwonse amanyonyomala kumbuyo kwa timitengo timene woponya amalozapo mpira, kudzuka, kunyonyomalanso, tsiku lonse padzuwa. Pamwamba pa zimenezo, ukakhala kaputeni, uziganiza woti aponye ndani, wina aime pati, kenako uvale zomenyera ukapulumutse timu. Pa Test yake yoyamba ngati kaputeni, Marvan Atapattu ndi Sanath Jayasuriya a ku Sri Lanka anakanirira mpaka ma run 281 popanda wotuluka. Taibu anavula magolovesi, n'kutenga mpira kuponya yekha, ndipo ndi iye amene anatulutsa Jayasuriya. Ndikaikumbuka nkhaniyi ndimaseka, kenako ndimamva chisoni, chifukwa zikusonyeza kuti panalibe wina woti n'kumudalira. Ku Dhaka, polimbana ndi Bangladesh, mu Januwale 2005 anamenya ma run 85 osatuluka, n'kubwerezanso 153 pa Test yomweyo. Wamantha ameneyo?

Mu Novembala 2005 anatula pansi udindo. Osewera ankalimbana ndi bungwe lawo pa za makontirakiti ndi kayendetsedwe ka zinthu, iye n'kumawayankhulira, mpaka anayamba kuopsezedwa pamodzi ndi banja lake. Inu achimwene amene munalemba zija, mukanakhala? Anakasewera kunja, anabwerera mu 2007, ndipo mu 2012 ananena poyera kuti akusiya kuti akatumikire ku tchalitchi. Zoti kusankha tchalitchi kunali kolondola kapena ayi, n'zake ndi Mulungu wake, ine sindilowererapo.

Chimene chimandiwawa ndi china. Anasewera ma ODI (masewero a tsiku limodzi) 150 koma ma Test 28 okha, chifukwa Zimbabwe inadzichotsa yokha pa Test kuyambira kumayambiriro kwa 2006 mpaka mu Ogasiti 2011. Werengani bwino: kuyambira ali ndi zaka 22 mpaka 28, nthawi imene wicketkeeper maondo akadali olimba ndipo maso akuona mpira bwinobwino, Taibu analibe Test yoti asewere. Zaka zimenezo sanazitaye ndi iye.