Tionetseni mabuku a ndalama tisanaombe m'manja

Loweruka lapitali ndinatuluka mu msonkhano waukulu wa pachaka wa bungwe lathu la akatswiri a chemistry mtima ukuwawa, ndipo mpaka lero mkwiyo wanga sunaphwe. Dzina la bungwelo sinditchula, koma amene tinali limodzi mu holo muja akudziwa bwino zimene ndikunena. Itakwana nthawi ya lipoti la zachuma, a msungichuma anaonetsa tsamba limodzi pakhoma ndi pulojekita, manambala ake ang'onoang'ono ngati nyerere, ndipo tisanamalize n'komwe mzere wachitatu tsambalo linali litachotsedwa kale. Pepala loti tigwire m'manja panalibe, ndipo pa imelo yotiitanira ku msonkhanowo sanaikepo chilichonse chokhudza ndalama. A wapampando anangofunsa ngati alipo wotsutsa, anthu n'kuomba m'manja, poti fungo la chakudya cha masana linali litayamba kale kulowa pakhomo.

Ine ndinakweza dzanja chifukwa diso langa linagwera pa mzere wina wolembedwa kuti "zina ndi zina", umene ndalama zake zinkaposa zimene tinagwiritsa ntchito pothandiza ophunzira chaka chonse. Nditafunsa kuti zina ndi zinazo ndi ziti, yankho limene ndinalandira linali lakuti, "Akulu, pano tonse ndife anthu ophunzira, tiyeni tizikhulupirirana." Ena anaseka, ndipo bambo wina amene anakhala pafupi nane anandikodola n'kundinong'oneza kuti ndisachedwetse anthu.

Kukhulupirirana? Mawu amenewa akutuluka m'kamwa mwa munthu wa chemistry? Ndife tomwe timaimirira kumbuyo kwa wophunzira wa chaka choyamba pamene akuwerenga burette, kachubu kagalasi ka manambala koyezera kuchuluka kwa madzi, n'kumubweza kuti awerame mpaka diso lake lilingane ndi madzi, ndipo akalemba 24 m'malo mwa 24.35 timamuchotsera malikisi mopanda chisoni. Ndife tomwe timatseka kachitseko ka sikelo kuti mpweya usasokoneze nambala yachinayi pambuyo pa kadontho. Wophunzira akabweretsa zotsatira popanda buku lake la mu labotale timamuuza kuti ntchito imene sinalembedwe sinachitike. Ndiye lero anthu omwewa akufuna kuti tivomereze ndalama za chaka chathunthu pongoona tsamba limodzi kwa mphindi yosakwana n'komwe? Zimenezi ndazikana, ndipo ndizikanabe.

Sindinanene kuti wina waba ndalama, ndipo sindikunena zimenezo panonso. Chimene ndikunena n'chakuti membala amene amapereka msonkho wake chaka ndi chaka ayenera kulandira lipoti la zachuma masiku angapo msonkhano usanachitike, aliwerenge ali phee kunyumba kwake, abwere ndi mafunso. Lipotilo likhale loti munthu wina wodziwa zowerengera ndalama, amene sali mu komiti, waliunika n'kusainira. Msonkhano waukulu ndi tsiku lokhalo pachaka limene komiti imayankha kwa eni bungwe, ndipo eni bungwe ndi ife amene timasonkha. Antoine Lavoisier, katswiri wakale wa chemistry amene timaphunzitsa ana lamulo lake lakuti posakaniza mankhwala kulemera kwa zimene zalowa kuyenera kufanana ndi kwa zimene zatuluka, analinso wokhometsa msonkho ku France, ndipo ndikukhulupirira kuti mzere wa "zina ndi zina" sukanamudutsa.

Wina asandiuze kuti ndikupempha zachilendo. Royal Society of Chemistry ya ku Britain, imene inapangidwa mu 1980 mabungwe anayi ataphatikizana, inalembetsedwa ngati bungwe lachifundo, choncho lipoti lake la pachaka pamodzi ndi mabuku a ndalama aliyense akhoza kuwawerenga pa intaneti ngakhale asali membala. American Chemical Society, imene inayamba mu 1876, imapereka ku boma la United States chikalata chotchedwa Form 990, chimene chimaonetsa ngakhale malipiro a akuluakulu ake, ndipo chikalatacho sichibisidwa kwa anthu. Mabungwe amenewa amagwira ndalama zochuluka kwambiri kuchokera ku magazini a kafukufuku amene amasindikiza, komabe amatha kuzilongosola mzere ndi mzere. Ife ndalama zathu ndi msonkho wa mamembala, zolembetsera msonkhano ndi kangachepe kochokera kwa otithandiza, zinthu zoti zikhoza kukwana pa masamba awiri, koma masamba awiriwo akutikanika.

Ndikudziwa kuti a komiti salipidwa ndipo ambiri ali ndi makalasi ndi mayeso oti achonge, koma palibe amene anawakakamiza kuimira mpando. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Amene wavomera kusunga thumba la anzake wavomeranso kufunsidwa, ndipo akafunsidwa asamatupe nkhope ngati wanyozedwa. Kufunsa risiti si mwano. Ndipo inu anzanga amene munaomba m'manja muja, ndakwiya nanu kuposa mmene ndakwiyira ndi komiti, chifukwa ena mwa inu munanditsatira panja n'kundiuza kuti ndinafunsa bwino, pamene mu holo munangoti ziii, maso ali pa foni. Ngati funsolo linali labwino panja, linali labwinonso mkati muja pamene mlembi akanalilemba.

Kunena za mlembi, maminitsi a msonkhano wa chaka chatha nawonso sitinawaone. Anangoti tiwatenge ngati awerengedwa, ndipo munthu wina amene ndikudziwa kuti chaka chathacho kunalibe ndi amene anaimirira kuti ndi olondola. Chisankho cha komiti, chimene malamulo athu amati chizichitika nthawi ya maudindo ikatha, achikankhiranso kutsogolo ati chifukwa nthawi inali itatha, chonsecho tinataya ola lathunthu pojambulitsa zithunzi ndi kuthokoza alendo olemekezeka. Ku American Chemical Society munthu amakhala pulezidenti chaka chimodzi chokha, wolowa m'malo mwake atasankhidwa kale ndi mamembala. Kwathu kuno nkhope za kutsogolo ndi zomwe ndinazipeza pamene ndinkalowa, ndipo Lolemba m'mawa anthu omwewa anditumizira uthenga wondikumbutsa kuti msonkho wa chaka chino sindinapereke.