Anasinthiranji mitundu osatifunsa?

Lolemba m'mawa ndinadzuka n'kupeza kuti pulogalamu yomwe ndimalandirira ndi kutumizira ndalama pafoni yasintha mitundu usiku. Kale zilembo zinali zakuda bii pamalo oyera, batani lotumizira lili lobiriwira. Pano zonse zangotuwa, zilembo zoonda ngati ulusi, ndipo mabatani awiri aja, lotumizira ndi lolepheretsa, afanana mtundu.

Mwina mu ofesi momwe anapangira zimenezi zimaoneka bwino. Koma ine ndimagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe, padzuwa la mu Okutobala. Masana foni ndimachita kuiphimba ndi chitenje, kuwerama, kutsinzina diso limodzi, kasitomala ali chiimire. Dzulo ndinadina polakwika kawiri, mpaka mayi wina wa ku Bangwe anatopa n'kukagula kwina. Zinandiwawa kwambiri.

Nanga amayi anga ku Ndirande, ndi maso awo ofooka aja? Iwo ankangodziwa kuti pobiriwira ndiye podina. Tsopano akumadikira mdzukulu aweruke kusukulu kuti adzawathandize, ndalama zili zawo zomwe.

Ndafufuza paliponse pobwezeretsera mitundu yakale, palibe. Akanangotisiyira mwayi wosankha tokha, akanadandaula ndani?