Dzina la pa thanki silikweza njinga chitunda cha Bangwe

Mukaima pa siteji ya kabaza ku Limbe kapena pafupi ndi msika wa Ndirande, tayang'anani mathanki a njinga zamoto. Ina ili ndi sitika ya chiwombankhanga cha Harley-Davidson pomwe injini yake ndi ya 125cc yochokera ku China. Ina yamatidwa phiko la Honda pomwe sinapondepo fakitale ya Honda. Anyamatawa sindikuwadzudzula, chifukwa mayina amenewa ali ndi mphamvu ndithu. Maganizo anga ndi akuti dzina lililonse lalikulu la njinga yamoto linayambira pa chitsulo, pa nzeru inayake imene akatswiri anaika mu injini. Zithunzi za majekete achikopa ndi misewu yopanda mapeto zinabwera pambuyo. Ife tikumatengera chithunzicho n'kusiya nzeruyo, ndipo mapeto ake injini zikufa zisanabweze ndalama.

Tiyambe ndi Harley, imene inayamba mu 1903 ku Milwaukee, ku America. Chimene anthu amaidziwira ndi kulira kwake kodukizadukiza kuja. Kulirako sikuchokera ku ekizozi. Injini yake ili ndi masilinda awiri okhala ngati chilembo cha V, otalikirana madigiri 45, ndipo mapisitoni onse awiri amagwira pa pini imodzi ya kirankishafuti. Choncho moto suphulika mofanana: wina umabwera pakatha madigiri 315, wotsatira pakatha 405. Kutsimphina kumeneku ndiko khutu limakonda. Kampaniyo inafika popempha boma la America mu 1994 kuti kulirako kulembedwe kuti ndi kwake kokha, ndipo inasiya nkhaniyo mu 2000. Mu 1983 inali itakhazikitsa kale gulu la eni njinga zake, Harley Owners Group, ndipo apa ndi pamene inalimbikira kugulitsa ubale, zovala ndi maulendo apagulu pamodzi ndi njingayo.

Tsono m'bale wanga wa kabaza akamva kulira kumeneku pa foni, amapita kwa wowotcherera kukadula sailensa kapena kuchotsa zam'kati mwake. Achimwene, injini ya silinda imodzi singalire ngati ya masilinda awiri, ngakhale mutadula paipi yonse. Chimene chimachitika ndi ichi: utsi ukamatuluka mosatsekereza pomwe jeti ya mu kabureta ndi yomwe ija, mpweya umachuluka kuposa petulo. Injini imatentha mopitirira, vavu yotulutsa utsi imapsa m'mphepete, mphamvu yonyamukira pa giya yoyamba imachepa, ndipo mukasiya mafuta potsika chitunda imayamba kuphulika phaa phaa. Masulani pulagi muone. Ikakhala yotuwa ngati phulusa, injini ikuphikika. Yabwino imakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka. Ena amachotsanso fyuluta ya mpweya kuti njinga izibangula. Ndi fumbi la ku Machinjiri mu Okutobala, ndiye kuti mukuthira mchenga pa maring'i a pisitoni, ndipo pakangopita miyezi yochepa utsi wabuluu wayamba.

Dzina limene ine ndimalipatsa ulemu waukulu ndi Honda, ndipo chifukwa chake chili pafupi ndi moyo wathu. Super Cub inatuluka mu 1958, yopangidwa kuti munthu wonyamula katundu aiyendetse mosavuta, yopanda kilachi ya pa dzanja, yokhala ndi chotchinga matope ku miyendo. Pofika 2017 zinali zitapangidwa zoposa 100 miliyoni. Ku America cha m'ma 1963, nthawi imene wokwera njinga yamoto ankaonedwa ngati chigawenga, Honda inatsatsa malonda ndi zithunzi za amayi, ophunzira ndi anthu ovala bwino, uthenga wake uli woti pa Honda mumakumana ndi anthu abwino. Chithunzi chimenecho chinagwira chifukwa njingayo inalidi yofatsa ndiponso yosavuta.

Koma nkhani yotikhudza kwambiri ndi ya CG125 ya mu 1975. Akatswiri a Honda anayendera mayiko a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia n'kuona mmene anthu amagwiritsira ntchito njinga: banja lonse pampando umodzi, katundu wodzaza, oyilo wosasinthidwa mpaka injini itaima. Injini zawo zokhala ndi kamushafuti pamwamba zinkadyeka msanga oyilo akada. Anabwerera kwawo n'kutsitsa kamushafuti kuti ikhale pansi, pafupi ndi oyilo, n'kumakankha mavavu ndi timitengo tachitsulo. Sinali injini yothamanga, koma inkapirira nkhanza. Njinga zambiri za ku China zimene zadzaza m'misewu ya Blantyre zinatengera injini yomweyi, n'chifukwa chake makaniko wa pansi pa mtengo ku Chirimba amaimasula ngakhale atatsinzina. Kwa ine kumeneko ndiye kutchuka kwenikweni: njinga imene sipeya yake mumaipeza mu kashopu kalikonse ku Limbe.

Bajaj Boxer ya ku India yayenda njira yomweyo. Palibe amene amaipachika pa khoma ngati chithunzi, komabe kuyambira ku Kampala mpaka ku Lagos yadyetsa mabanja osawerengeka chifukwa cha mpando wautali wosapendekeka, kaliyala yolimba ndi kusamwa mafuta. Kuno kwathu anthu a m'midzi amadziwanso Yamaha AG200 ndi DT125. Palibe chikwangwani chimene chinawauza, anangoona alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo akufika nazo kumene galimoto imalephera nyengo ya mvula. AG200 tcheni chake n'chotsekeredwa m'bokosi kuti matope asachidye. Ulemu wa mlangizi unasamukira pa njingayo.

Za ku Ulaya ndingodutsamo. Ducati ya ku Bologna, ku Italy, imagulitsa utoto wofiira ndi mpikisano, koma pansi pake, pa njinga zake zambiri, pali mavavu amene amatsekedwa ndi chitsulo m'malo mwa sipuling'i. BMW inatulutsa R80 G/S mu 1980, ndipo chaka chotsatira Hubert Auriol anapambana nayo mpikisano wa Paris-Dakar wodutsa m'chipululu cha Sahara. Lero aliyense wolota zodutsa Africa yonse amaganiza za GS. Zonsezi ndi njinga zabwino, koma musanaitanitse yogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Johannesburg, funsani kaye kuti ndani mu Blantyre muno ali ndi kompyuta yowerengera matenda ake, ndipo sensa imodzi ikafa mudikira masabata angati.

Makampani amatisonyeza msewu wosalala wopanda munthu. Wathu ndi wa makumbi, maminibasi oima paliponse pa Masauko Chipembere Highway, ndi zitunda. Choncho wogula njinga, kaya ya ntchito kaya yongosangalala nayo, ayambire pa zinthu izi. Nambala ya injini ndi ya chesisi zifanane ndi zolembedwa m'mapepala, ndipo pakaoneka popalidwa kapena pomenyedwanso, chokanipo. Pemphani kuti muilize ili yozizira, chifukwa wogulitsa wochenjera amaitenthetseratu kuti isavute kulira. Gwirani injini ndi dzanja musanayambe. Imikani njinga pa sitandi yapakati, gwedezani tayala la kumbuyo cham'mbali: likasewera, mabering'i kapena mabushi atha. Yang'anani mano a sipoketi. Akapindika ngati minga, muyenera kugula tcheni ndi masipoketi onse awiri nthawi imodzi. Tcheni chatsopano pa sipoketi yakutha sichikhalitsa.

Mukagula, oyilo ndiye moyo. Injini zazing'onozi zimalowa pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo oyilo yemweyo amasambitsa injini, magiya ndi kilachi. N'chifukwa chake oyilo wa galimoto wokhala ndi mankhwala oterera kwambiri amapangitsa kilachi kutsetsereka: injini ikulira koma njinga siikukoka pa chitunda. Funani wolembedwa 4T kapena JASO MA, kawirikawiri 20W-50, ndipo pewani wopungulidwa m'mabotolo osadziwika. Njinga ya kabaza yogwira ntchito tsiku lonse m'fumbi ine ndimalangiza kusintha pa makilomita 1,000 mpaka 1,500, osadikira kuti ade bii. Injini za mtundu wa CG zili ndi kasefa kawaya kuseri kwa nati yaikulu kumanzere. Katsukeni nthawi iliyonse mukusintha oyilo, ambiri sadziwa n'komwe kuti kalipo.

Tcheni chizisewera masentimita 2 mpaka 3 pakati pake. Chikamangitsa chimadya bering'i ya giyabokosi, makamaka mukanyamula munthu ndi thumba la chimanga. Chikalendewera chimadumpha n'kutseka tayala. Mavavu a CG amafuna mpata wa mamilimita 0.08, woyezedwa injini ili yozizira. Makaniko amene amaumanga mpaka phokoso litatheratu kuti akusangalatseni akukupsetserani vavu. Kulira pang'ono kwa ti ti ti n'kwabwino kusiyana ndi zii. Fyuluta ya siponji muziitsuka, iume, kenako muidonthezere oyilo pang'ono n'kufinya.

Pa mabuleki ndiye mtima wanga umawawa. Njinga zambiri za ntchito zili ndi mabuleki a dilamu, ndipo dilamu ikatentha imasiya kugwira. Chizolowezi chozimitsa injini kapena kuika pa nyutulo potsika ku Bangwe, ku Chilomoni kapena pa zikhotakhota zotsikira ku Chikwawa, ati kusunga mafuta, chimasiya ntchito yonse kwa mabuleki okhawo. Tsikani pa giya yachiwiri kapena yachitatu, injini ikuthandizeni kugwira. Ambiri amaopanso buleki ya kutsogolo n'kumaponda ya kumbuyo yokha, pomwe mphamvu yaikulu yoimitsira njinga ili kutsogolo. Chofunika ndi kuifinya pang'onopang'ono njinga ili chilili, osati kuigwira mwadzidzidzi pokhota.

Pa zovala zimene makampani akuluakulu amagulitsa, pali chimodzi chimene ndikanakonda titengere popanda manyazi. Jekete yachikopa, magolovesi ndi nsapato zobisa akakolo zinayamba ngati chitetezo pa phula, zisanakhale fasho. Kuno timagula sitika koma timakwera ndi masilipasi, chipewa choteteza mutu chili pa chigongono kapena pamutu koma lamba wosamanga. Chipewa chosamanga chimavuka munthu asanafike pansi. Chimene chinagwapo mwamphamvu, ngakhale kunja chikuoneka bwino, thovu lam'kati linaphwanyika kale ndipo silingatetezenso kachiwiri. Mwini njinga amene akulemba mnyamata ntchito agule zipewa ziwiri tsiku lomwe akugula njingayo, cha woyendetsa ndi cha wokwera, ndipo mtengo wake awerengere limodzi ndi wa inshuwalansi ndi laisensi asanayambe kuwerenga phindu la pa tsiku.